Ndowa ya a Kalekeni

Mu Glasgow muno mulibe Mmalawi amene walawa vinyo wochuluka kuposa a Fryson Kalekeni a ku Sighthill. Mulibenso mkulu wa mpingo amene angaimirire pamaso pa anthu molimba mtima ngati iwo n'kunena kuti mowa sunadutsepo pakhosi pawo. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo kuti zigwirizane bwanji ndiye nkhani yake.

Bambowa anakulira ku Mulanje, pa esiteti ya tiyi, ndipo ntchito yawo inali yolawa. Anthu akamva zimenezi amaseka, amati kodi kumwa tiyi n'kukhalanso ntchito? Koma kulawa si kumwa. M'mawa uliwonse ankawandandalikira makapu makumi anayi pa tebulo lalitali, iwo atavala khoti loyera lofika m'mawondo. Ankatunga ndi supuni, kukoka ndi mpweya kuti fyuu, kuchukucha m'kamwa, kenako n'kulavulira m'chitini chamawilo chimene ankayenda nacho. Lilime lawo linkadziwa kuti masamba awa achokera kumunda wa kumtunda, awa anathyoledwa mvula itangokata, awa anawapsereza poumitsa. Akapitawo a ku fakitale ankaliopa lilime limenelo kuposa bwana wamkulu.

Kumeneko ndi kumene anafunsira mbeta Deborah, namwino wa pa chipatala cha pa esitetipo. Bambo ake a Deborah anafa ndi kachasu, ndipo iye ali kamtsikana ndi amene ankakawatola m'ngalande anzake akupita kusukulu. Choncho pomuyankha mnyamata wa khoti loyera uja sanazungulire.

"Galimoto sindikufuna, nyumba ya malata tidzamanga tonse," anatero. "Ndikupemphani chimodzi chokha. Mowa usadzadutse pakhosi panu."

A Kalekeni, munthu amene ngakhale tiyi ankalavula, anaona kuti lonjezo limeneli ndi lopepuka ngati thonje. Analumbira pomwepo.

Mu 2003 mayi Deborah anapeza ntchito ya unamwino kuno, banja n'kusamuka. Anafikira ku Sighthill, m'nyumba zazitali zija zimene anazigwetsa, pa nsanjika ya nambala 16, kumene chikepe chinkafa tsiku lenileni limene mwagula thumba la mpunga. Kumeneko ndi kumene kunabadwira mwana wawo Isla. Mayi ankapita kuchipatala, koma bambo analibe kolowera. Ku Scotland kuno maesiteti a tiyi ngati a kwathu kulibe, ndipo tiyi amene anthu amamwa ndi wa m'timatumba, amene a Kalekeni ankati ku Mulanje akanamusesa pansi pa fakitale. Anakolopa maofesi, anatsuka mabasi, analondera magalimoto. Lilime limene linkanjenjemeretsa akapitawo linatsala ndi ntchito yonyambita maenivelopu.

Zimenezi zinkawapweteka kwambiri mayi Deborah, mwina kuposa eni ake. Iwo ndiwo anawachotsa amuna awo m'khoti loyera, ndipo mtima wawo sunkawalola kuiwala. Choncho pa mapemphero a m'mawa, akatha kupempherera odwala a ku wodi ndi abale a kumudzi, ankamaliza ndi mawu omwewo tsiku ndi tsiku: "Ambuye, abwezereni bambo a Isla luso lawo. Musalole kuti mphatso munawapatsa iwolere m'kamwa." A Kalekeni ankavomereza ndi ameni wamphamvu.

Mu 2012 anapeza ntchito yonyamula makatoni pa shopu ina ya ku Hillhead. Kunyumba anangonena kuti ndi shopu, osatchula kuti imagulitsa chiyani, poti anaona kuti mkulu wa mpingo kunyamula mabotolo a vinyo ndi nkhani yofuna kuyamba waiphikira bwino. Mwini shopuyo ndi mayi Bessie, Msikotishi wamfupi amene amalankhula ngati akukukalipira ngakhale pamene akukuyamika. Tsiku lina mayiwa anatsegula botolo limene munthu wina wamalonda anabweretsa, awiriwo n'kumalitama. A Kalekeni akudutsa ndi katoni paphewa, mphuno inawapereka.

"Pepani abwana," anatero, "koma ameneyo akununkha thumba la chimanga lonyowa."

Wamalonda uja anafiira. Mayi Bessie ananunkhizanso, n'kutukwana pang'ono m'chilankhulo chawo, chifukwa zinali zoona: chivindikiro chinali chitamuwononga vinyoyo. Anathira wina m'tambula n'kuwapatsira.

"Fryson, talawa uyu."

Dzina lawo loyamba kutchulidwa lopanda "a" kutsogolo sanalizolowere mpaka lero, koma tsiku limenelo chinawadetsa nkhawa ndi tambula. Anafotokoza kuti iwo samwa.

"Ndani wakuuza kuti umwe?" anatero mayi Bessie. Anakoka ndowa yachitsulo pansi pa kauntala n'kuiika patsogolo pawo. "Kuno timalavula. Ukameza, pofika botolo lachisanu udzakhala ukuyamika ndi madzi otsukira mbale omwe."

A Kalekeni ataona ndowayo mtima unagunda ngati aona mbale wawo pa depoti. Anaganiza za lonjezo lawo, n'kudziuza kuti pakhosi ndi pakhosi, m'kamwa ndi m'kamwa. Anakoka kuti fyuu.

Anali vinyo woyera wosatsekemera, ndipo choyamba nkhope yawo inakwinyika ngati ya mwana amene waluma mango osapsa. Paja ife lilime lathu linakulira masupuni atatu a shuga. Koma kuwawasa kutadutsa, pansi pake panatuluka zinthu: fungo la thanthwe lonyowa mvula itangogwa, kenako kakomedwe ka masuku kutalitali. Analavula, n'kunena zimene anamva. Mayi Bessie anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anawalanda katoni ija.

Kuyambira pamenepo a Kalekeni anakhala munthu wa vinyo woyera wosatsekemera. Wofiira amamulawa mwaulemu chabe, wotsekemera ndiye amamunyoza poyera. Amati shuga ndi bulangete, amafunditsa zolakwa zonse, pamene vinyo wopanda shuga amaima maliseche: ngati mlimi anachita ulesi, umva, ngati anathyola mphesa mofulumira poopa mvula, umvanso. Anaphunzira maesiteti otchuka a ku France, a ku Germany ndi a ku South Africa, ndipo anapeza kuti nkhani yake ndi yomwe ija ya ku Mulanje. Munda wa kumtunda umabereka pang'ono koma zokoma, wa kudambo umabereka zambiri zopanda mutu. Esiteti yabwino imadziwika ndi dothi lake ndi kuuma mtima kwa mwini wake, amene amalola kutaya mphesa zokayikitsa. Mayi Bessie anasiya kugula botolo lililonse limene silinadutse pa lilime lawo. Aphunzitsi a pa yunivesite yapafupi ankabwera Loweruka kudzawamvera, a Kalekeni n'kumawauza kuti uyu ali ndi bwemba pang'ono, uyu chinanazi cha ku Mulanje chimene chatsala masiku awiri kuti chipse. Azungu ophunzirawo ankagwedeza mitu n'kumalemba "bwemba" m'timabuku tawo, chipatsocho asanachionepo ndi pa chithunzi pomwe.

Kunyumba ndiye ayi ndithu, sananene. Ankafuna kunena, ndipo anakonza mawu kangapo ali m'sitima yapansi, koma akafika n'kuona nkhope ya mkazi wawo ankakumbukira kamtsikana kaja kotola bambo ake m'ngalande, mawu n'kubwerera. Ankati ndinena mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mawa ameneyo anatenga zaka khumi ndi chimodzi. Akaweruka ankatsuka mano kuseri kwa shopu, kudya lalanje lathunthu, n'kuyenda wapansi pang'ono kuti mphepo iwapepese, chifukwa kunena zoona munthu ukalawa matambula makumi awiri makutu amatenthako ngakhale ulavule bwanji. M'mawa mayi ankapempherabe kuti Ambuye awabwezere bambo a Isla luso lawo, ndipo ameni wa a Kalekeni anayamba kuchepa chaka ndi chaka mpaka anatsala kamphepo chabe. Zinkawadya mumtima, koma mantha anali aakulu kuposa manyazi.

La fote linakwana Lachinayi lina masana. A Japhet Zangaphee, mlembi wa mpingo, amayendetsa basi, ndipo tsiku limenelo anawapatsa njira yodutsa ku Hillhead. Maloboti anawaimitsa pafupi penipeni ndi zenera la shopu. Atacheuka anaona mkulu mnzawo wa mpingo, amene amagawa naye mgonero, atanyamula tambula m'mwamba, akuizunguza, akulowetsamo mphuno yonse, kenako n'kuipendekera kukamwa maso ali chitsinzinire. Pomwepo maloboti analola, galimoto za kumbuyo zinayamba kuliza mahutala, basi n'kunyamuka. Maloboti aja akanachedwa pang'ono pokha, a Zangaphee akanaona ndowa.

Mpingo wathu umakumana Lamulungu masana m'tchalitchi chobwereka ku Pollokshields. Mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi wa m'timatumba uja, a Zangaphee anawakokera a Kalekeni pakhonde pamene pamapachikidwa majasi.

"Akulu a mpingo, muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu alembi?"

"Ine sindili bwino. Lachinayi, thuu koloko, ku Hillhead. Ndinakuonani ndi maso angawa."

A Kalekeni anatsitsa mawu. "Munaona chiyani, achimwene?"

"Ndinaona tambula ikupita kukamwa."

"Ndinalavula."

"Munatani?"

"Ndinalavula. Ndiyo ntchito yanga. Ndimalawa n'kulavula, ngati mmene ndinkachitira ndi tiyi."

A Zangaphee anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Zaka zonse ndakhala pa seshoni ndamva zambiri. Wina anati anamwa chifukwa cha chimfine, wina anati ankayesa ndi juwisi. Koma zoti munthu amagwira ntchito yolavula, izi ndiye zatsopano. Ine kulavulako sindinakuone."

"Basi yanu inanyamuka msanga."

"Ndiye mlandu ndi wa basi?"

"Bwerani Loweruka likudzali, firii koloko," anatero a Kalekeni. "Kukubwera mwini esiteti wa ku Germany, tikhala tikulawa pagulu. Mudzaime pafupi, mudzayang'ane kholingo langali. Likasuntha kamodzi kokha, mundichotse pa ukulu wa mpingo."

A Zangaphee anaganiza, n'kuvomera. Koma asanachoke anafunsa funso limene linalasa penipeni. "Nanga mayi a Isla akudziwa?"

A Kalekeni anangoyang'ana majasi.

Ukulu wa mpingo sunali kanthu kwenikweni kwa iwo. Chimene chinawasowetsa tulo sabata imeneyo chinali mkazi wawo: akamva, adzakhulupirira kuti lonjezo lija lidakalipo, kapena adzaona bambo ake ataukanso m'thupi la mwamuna wake? Lolemba anatsegula pakamwa, n'kupempha mchere. Lachitatu anayamba ndi "Mayi a Isla, pali kankhani," koma atafunsidwa kankhani kanji anati mpope wa kubafa ukudontha. Sanadziwe kuti a Zangaphee anali atauza kale akazi awo, kuti angoipempherera nkhaniyo mwakachetechete. Ndipo nkhani yoti ipemphereredwe mwakachetechete ikalowa ku Mvano imathamanga kuposa basi ya a Zangaphee.

Loweruka shopu inadzaza, anthu ngati makumi atatu. Mlendo anali mayi Sylvia, gogo wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wowongoka ngati mtengo wa bulugama. Esiteti yawo ili pa phiri lotsetsereka m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, pa dothi la miyala yokhayokha pamene thirakitala silikwera, ndipo banja lawo lalima mpesa pamenepo kuyambira nthawi ya agogo a agogo awo. Vinyo wawo woyera amalimbirana anthu a m'mayiko ambiri. A Zangaphee anafika nthawi yake, jasi lomanga mabatani mpaka m'khosi, n'kuima pafupi ndi chitseko manja ali kumbuyo kuti asakhudze botolo lililonse. Maso awo anakhazikika pa kholingo la a Kalekeni ngati mphaka pa una wa mbewa.

Tsiku limenelo a Kalekeni analavula ngati sanalavulepo. Woyamba analavula mokweza mpaka ndowa inalira. Wachiwiri anayamba acheukira kwa alembi kuti aone bwino. Koma pofika wachitatu anali atawaiwala a Zangaphee, chifukwa vinyoyo anali wabwino zedi, ndipo ntchito inawatenga monga imachitira nthawi zonse. Anatsinzina.

"Uyu ndi wa kumunsi, pafupi ndi madzi," anatero. "Wafatsa. Koma uyu wachinayi ndi wa pamwamba pa phiri, pamene dzuwa limafika m'mawa, ndipo chaka chake kunali chilala. Mpesa unavutika, unakumba pansi kufuna madzi. Mukumva mwalawo?"

Mayi Sylvia anaika tambula yawo pansi. "Bambo inu munafikako kwathu?"

"Ayi mayi, ine kwathu ndi ku Mulanje. Koma phiri ndi phiri."

Anthu anaseka n'kuwomba m'manja. M'phokoso limenelo a Kalekeni sanamve belu la pachitseko, ndipo sanaone mayi wa chitenje cha Mvano pansi pa jasi amene analowa n'kuima pambali pa a Zangaphee.

Atatha wachisanu, mayi Sylvia anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa botolo lopanda pepala. Analitsegula okha, n'kuthirira a Kalekeni poyamba, anthu ena onse asanalandire. A Kalekeni, mwachizolowezi, ananunkhiza, kutsinzina, n'kukoka kuti fyuu. Vinyo ali m'kamwa choncho, gogoyo anayamba kulankhula.

"Uyu sindigulitsa," anatero. "Ndi womaliza amene amuna anga anapanga asanamwalire. Atsala mabotolo asanu ndi anayi. Ndimatsegula ndikapeza munthu womumva, ndipo lero ndamupeza. Uyu yekha kwathu sitilavula."

Mayi Bessie, pofuna kulemekeza mlendo, anakankha ndowa ija ndi phazi mpaka inakalowa pansi pa tebulo la kutali.

A Kalekeni anatsegula maso. Patsogolo pawo panali mayi wamasiye, misozi ili m'maso, akudikira. Kuchitseko kunali a Zangaphee, khosi litatalika. Ndipo pambali pa a Zangaphee panali mayi a Isla, chikwama chili m'manja, akuwayang'ana osaphethira.

Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mvula yake inawapeza a Kalekeni masaya ali tutumu ngati mwana wobisa mtedza. Kulavula sakanatha: munthu woleredwa bwino salavula chimene wamasiye wakupatsa ndi manja ake pokumbukira mwamuna wake, n'chimodzimodzi kulavula pamaliro. Ndipo akanalavulira pati, pa nsapato za aphunzitsi a pa yunivesite? Kumeza sakanathanso, zaka makumi atatu za lonjezo zikuwayang'ana pachitseko. Choipa kwambiri n'chakuti vinyoyo anali wokoma kuposa aliyense amene analawapo, ndipo mmero, umene sudziwa za malonjezo, unayamba kudzikoka wokha. Thukuta linatsika m'mphumi. M'shopu monse munangoti zii, anthu akudabwa kuti katswiri wawo wagwidwa ndi chiyani.

Mayi Deborah anapatsira a Zangaphee chikwama chawo. Anadutsa pakati pa anthu osafulumira, anawerama pansi pa tebulo lija n'kutulutsa ndowa. Anatenga kansalu koyera kopukutira matambula pa kauntala n'kukakoleka pamkono. Atafika pamaso pa amuna awo anagwada, mawondo a unamwino wa zaka zambiri akulira kuti kwe kwe, n'kukweza ndowayo ndi manja awiri, monga mmene mayi amaperekera madzi osamba m'manja kwa mlendo wolemekezeka. Chitengere ukwati wawo, a Kalekeni anali atagwadiridwa choncho kawiri kokha, ndipo konseko apongozi analipo.

"Lavulani, bambo a Isla," anatero motsitsa.

A Kalekeni anaphimba pakamwa ndi dzanja n'kulavula pang'onopang'ono, mopanda phokoso. Mayi anawapatsa kansalu kaja kuti apukute milomo. Kulavula kumene kukanakhala chipongwe kunaoneka ngati mwambo waukulu, mwakuti mzungu wina kumbuyo anavula chipewa.

Kenako mayi Deborah anadzuka, atagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kutembenukira kwa mlendo m'Chingerezi chawo cha ku wodi chimene sichinyengerera munthu.

"Mayi, musakhumudwe. Awa ndi amuna anga. Bambo anga anafa ndi mowa, ndipo awa anandilonjeza tisanakwatirane kuti sadzameza. Inu mukusunga botolo la amuna anu. Awa akusunga mawu a mkazi wawo."

Mayi Sylvia anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana bamboyo. "Ndiye tandiuzani chabe," anatero, "mwamva chiyani?"

A Kalekeni anayamba akonza pakhosi. "Ndi wa pamwamba paja, koma mphesa zake zinathyoledwa mochedwa, kuzizira kutayamba kale. Mlimi wanzeru sakanadikira choncho. Pali chimene ankadikira."

Gogoyo anakhala pansi pa katoni. "Tinkadikira amuna anga," anatero. "Anali m'chipatala, ndipo anatiletsa kuthyola mpaka atatuluka kuti akaone okha. Tinawanyamula pa mpando kukwera nawo phiri." Anapukuta m'maso, kenako anaseka. "Anthu ambiri amumeza vinyo ameneyu, koma palibe anandiuzapo zimenezi. Lavulani mmene mungafunire, bambo."

Anthu atayamba kubalalika, a Zangaphee anabweza chikwama kwa mwini wake n'kukhosomola. Anati nkhani ya mkulu wa mpingo kugwira ntchito m'nyumba ya mabotolo iyenerabe kukambidwa pa seshoni, poti malamulo ndi malamulo. "Koma kholingo silinasunthe," anatero. "Zimenezo ndilemba." Potuluka anaima pafupi ndi tambula ina yotsala, anayang'ana uku ndi uku, n'kununkhiza msangamsanga. Anakwinya nkhope n'kunena kuti bwemba ndiye sakumumva.

Pobwerera kunyumba awiriwo anakwera sitima yapansi. Anatsika pa Cowcaddens, n'kuyenda mpaka pa mlatho watsopano wolowera ku Sighthill, galimoto zikuthamanga pansi pawo. A Kalekeni analephera kupirira.

"Mayi a Isla, ndikulumbira, sindinamezepo ngakhale dontho."

"Zimenezo musandiuze ine," anayankha. "Ndine mwana wa chidakwa. Munthu womeza ndimamumva asanagogode pachitseko, fungo lake limatulukira pakhungu. Mukanameza tsiku limodzi lokha ndikanadziwa, ngakhale mukanadya malalanje thumba lonse. Amayi a ku Mvano atandiuza Lachinayi ndinawaseka."

"Ndiye simunakwiye?"

Mayi anaima pakati pa mlatho. "Ndakwiya kwambiri. Ndinaima pachitseko paja ndikuona azungu ophunzira akulemba mawu anu m'mabuku. Ndinaona nkhope yanu ija ya ku Mulanje, imene ndinkayesa ndinaipha ine pokubweretsani kuno. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuuza anthu kuti amuna anga amanyamula makatoni, n'kumalira m'bafa kuti ndinakulakwirani. Inu muli phee, mukudya malalanje."

A Kalekeni anali atakonzekera mlandu wa mowa, koma mlandu uwu sanauganizirepo, ndipo unali wolemera kuposa uja. Anapepesa, mayi n'kungoti tiyeni, kukuzizira.

M'mawa mwake, Lamulungu, anagwada pabalaza monga mwa masiku onse. Isla, amene tsopano ali pa yunivesite ndipo amayankha Chichewa chilichonse m'Chingerezi cha ku Glasgow, anali nawo, akuyasamula. Mayi anapempherera odwala a ku wodi, abale a kumudzi, ndi mayi wamasiye wa ku Germany kuti ayende bwino. Atafika pamalo paja pamene pempho lija linakhala zaka makumi awiri, anaima kaye.

"Ambuye," anatero, "pepani pokuvutitsani nthawi yonseyi ndi nkhani imene munaimaliza kalekale. Yankho munatumiza, koma amene munawapatsira kalata anaisunga m'thumba. Zikomo powabwezera bambo a Isla luso lawo. Ndawaona ndi maso anga, ndipo ndanyadira."

Isla anatsegula diso limodzi kufuna kudziwa kuti kalata yake iti. Mayi anadikira ameni wa amuna awo. A Kalekeni anatsegula pakamwa, koma pakhosi panali patatsekeka. Anayesa kawiri, osatheka. Kenako anangomeza, ndipo kholingo lija linasuntha.